Tinjerwa Towotcha Ana Pakamwa

Kuyambira pa fosholo mpaka mgodi kuima

Ntchito yanga yoyamba inali ya fosholo. Bambo anga, amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, anandilembetsa pa mgodi wa asibesito ku Zvishavane ndevu zisanamere. Ndinayamba pansi, kupakira miyala m'ngolo. Patapita zaka anandikweza pamwamba, pa lamba woyendetsa miyala, kukasankha mwala wa ulusi pakati pa miyala yachabe. Ndinakhala pamenepo mpaka imvi. Kusankha ndi ntchito ya maso ndi zala, pakamwa sipagwira ntchito. Inandiyanja.

Pansi paja ndi pamene ndinadziwana ndi Dayitoni Mwale. Tinali gengi imodzi, iye wolongolola, ine ayi. Gengi inali ndi lamulo lake losalembedwa paliponse. Chinthu chikalakwika, kaya ngolo yagwa pa njanji kaya paipi yaphulika, mzungu woyang'anira ankatiimika pamzere n'kufunsa m'Chilapalapa, chinenero cha ku migodi, kuti wachita ndani. Tonse tinkayang'ana nsapato zathu. Wolakwa akafuna ankatuluka yekha pamzere. Akapanda kutero palibe ankamutchula. Chilango tinkagawana tonse, ndipo wolakwayo tinkakathana naye kukomboni ku Mandava, mzungu kulibe. Wotchula mnzake ankatchedwa mutengesi, ndiye kuti wogulitsa anzake, ndipo munthu wotero palibe ankamuchenjeza denga la mgodi likayamba kulira. Ndinakulira m'lamulo limenelo. Ndinkalikhulupirira kuposa la boma.

Mgodi utaima sanatiuze kuti waima. Anati pitani kunyumba, tidzakuitanani. Sanatiitane. Ine ndi Mwale tinapita ku Silobela, pa chigayo cha golide cha mnyamata wina wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Ntchito yathu inali yotsuka matanki. Kumeneko ankagwiritsa soda wa kositiki, osati wophikira therere uja, koma wa ku migodi amene amadya mafuta, nsalu ndi khungu lomwe. Sindinakhalitseko. Anyamata a kumeneko ankathetsa nkhani ndi zikwanje, ndipo mnyamata wa magalasi uja sankayang'ana munthu m'maso. Ndinabwerera ku Mandava. Mwale anatsala pang'ono, kenako nayenso anabwerera, msana utamuthera.

Chaka choyamba ku Mkoba

Iwe Enelesi ndiwe unandipezera ntchito ina, amayi ako atamwalira, utanditenga kuti ndikakhale nawe ku Mkoba, ku Gweru. Unati pali mayi wa kutchalitchi kwanu akufuna munthu wotsuka zidole. Ndinaganiza kuti ukundinyoza. Kenako ndinaganiza kuti mayiyo akubisa katundu wina m'zidolezo, chifukwa sindinamvepo munthu wolemba mwamuna waimvi ntchito yotsuka zoseweretsa ana. Tsiku loyamba ndinapisa mkono m'belo mpaka pansi, kufufuza. Munalibe kanthu. Munali zidole basi.

Mayiwo anali Mai Rumbi, Mshona, wamalonda kuyambira utsikana wawo. Ankaoda mabelo a zidole zakale zochokera kunja. Zidole za nsalu ndi timagalimoto ankagulitsa pamsika mmene zabwerera. Koma pansi pa belo lililonse pankatsala tinjerwa ta pulasitiki, tija ana amalumikiza n'kumanga nyumba, ta timitu pamwamba ndi timaenje kunsi. Tinkabwera tosakanikirana, tonona, tonunkha chuku. Iwo anaona kuti tikatsukidwa n'kulongedzedwa bwino, makireshi, sukulu za ana aang'ono zija, amagula. Anandipatsa galaja ya kuseri kwa nyumba yawo, mabeseni, sopo wa mtanda wobiriwira ndi miswachi yakale.

Palibe anandiphunzitsa. Ndinaphunzira ndi kuononga. Madzi otentha ayi, tinjerwa timapindika ndipo sitigwirananso. Dzuwa ayi, timasuluka, toyera timasanduka tachikasu. Umatinyika m'madzi ofunda a sopo, litsiro lifewe. Kenako mswachi, kamodzikamodzi, makamaka m'timaenje ta kunsi, chifukwa mmenemo ndi mmene mumabisala zonse. Ndapezamo tsitsi, chingamu, phala louma, ubweya wa galu, ndipo tsiku lina dzino la mwana. Ana a kunja amatafuna ngati makoswe. Ukatha kukwecha umatsukuluza, kutaya madzi, kutsukuluzanso, mpaka madzi ayere ndipo kanjerwa kasaterere m'zala. Apa ndi pofunika kwambiri. Timaenje timasunga madzi, ndipo chimene chili m'madziwo chimatsalira momwemo akauma. Ndinkatithira mu neti ya udzudzu n'kukutumula, kenako kuyanika pa masaka mumthunzi, timaenje titaloza pansi.

Tikauma ndi pamene ntchito yanga yeniyeni inkayamba. Tatikulu ta ana a mkaka patokha, tating'ono ta ana okulirapo patokha. Tochepetsetsa timene mwana angameze sitinkapita ku kireshi. Tong'aluka ndi tolumidwa kwambiri ndinkataya. Panalinso teniteni ndi tonamizira. Ndi maso timafanana. Koma ukalumikiza tiwiri tenitenito timalira bwino ndipo timagwirana, pamene tonamizira timangokhala weyuweyu kapena timakanirira osachokanso. Zala zanga zinazolowera msanga. Inali ntchito yomwe ija ya pa lamba, kungoti miyala yake inali yofiira ndi yachikasu. Pomaliza ndinkalongedza m'timapepala ta pulasitiki, mitundu yosiyanasiyana kuti mwana akopeke, n'kumata kukamwa kwake ndi kandulo ndi mpeni wa sowo.

Mai Rumbi sankandikhulupirira, inenso sindinkawakhulupirira. Tinkagwirizana bwino chifukwa cha zimenezo. Poweruka ankayang'ana matumba a jekete langa uku akuseka, ati mwina zidzukulu zanga zikumanga tauni kunyumba. Ine ndinkangotukula manja ngati pa geti la mgodi. Ankanditchula Sekuru, ndiye kuti agogo. Sanandilalatirepo. Sanandipatsepo kiyi wa galaja.

Chaka chimene mipopi inauma

Ntchito inakula. Makireshi a ku Gweru ankauzana, ena mpaka ku Kwekwe. Ndinauza Mai Rumbi kuti ndekha sindingathe, ndipo ndinaitanitsa Mwale ku Mandava. Anabwera ndi chikwama chimodzi, n'kupeza kachipinda kwa mphwake ku Mkoba komweko. Mai Rumbi nawo anabweretsa mayi wina wachitsikana, Nachisale, wa ku Ntcheu. Anali atabwera kuno kutsatira mwamuna wake amene analowa m'migodi ya golide ya amakorokoza, okumba mozemba aja, n'kusowa. Anatsala ndi mwana wa kumsana. Masiku a pa pasipoti yake anali atatha kalekale. Zimenezi sanandiuze ndi pakamwa. Ndinaziona mmene ankalowera m'galaja galimoto ya apolisi ikamadutsa mumsewu.

Tinagawana ntchito. Mwale kutsuka, ine kusankha, Nachisale kulongedza ndi kumata. Mwale ankalongolola tsiku lonse, nkhani za pansi pa mgodi zomwe ndinazimva kambirimbiri, ndipo ankaseka Chichewa cha mtsikanayo kuti ndi cha m'buku. Nachisale ankamubwezera kuti chathu ndi phala losakaniza ndi Chishona, kumudzi agalu okha ndi amene angatimve. Ine sindinkamukonda kwenikweni. Anali waukhondo kwambiri ndi wachete pa za moyo wake, ndipo munthu wachete ndimamudziwa chifukwa ndine mmodzi wa iwo.

Tsiku lina Mai Rumbi anapeza mwana wa Nachisale atakhala pa saka, kanjerwa kali kukamwa. Anakalipa. Anati tinjerwa timeneti ndi ta ana amene makolo awo amalipira, osati toyamwa aliyense. Nachisale ananyamula mwana wake, n'kunena chapansipansi kuti ana onse ndi amodzi, tidzaona. Mawu amenewo Mai Rumbi anawamva. Kuyambira tsikulo mwanayo sankatsikanso kumsana m'galajamo.

Kenako madzi anasowa. Mipopi ya ku Mkoba inkangotulutsa mpweya masiku ambirimbiri. Madzi tinkakatunga ku mjigo, umene kuno timati chibhorani, pa mzere woyambira mbandakucha. Wopita kumeneko anali Mwale, ndi wilibala ndi zigubu, msana wake womwe uja. Sopo nayenso anakwera, Mai Rumbi n'kumadula mtanda ndi mpeni, kutipatsa kachidutswa. Maoda sanachepe. Masabata oyamba tinatsalira m'mbuyo ndipo panali kulalata. Kenako zinthu zinayamba kuyenda. Tinjerwa tinkabwera pa saka langa toyera kuposa kale, ndiponso msanga. Mwale anati wapeza njira. Sindinafunse kuti njira yanji. Pakati pa ife a gengi, munthu sumufunsa mmene wakwanitsira ntchito yake.

Mwezi wotentha wa chaka chomwecho, Lachisanu

Mphunzitsi wamkulu wa kireshi ina ya ku Mkoba anabwera masana, wapansi, thukuta lili kamukamu. Anaponya timapepala tathu pa tebulo. Anati m'mawa anatsegulira ana tinjerwa tatsopano, ndipo isanakwane nthawi ya phala ana angapo anali kulira, milomo itatupa, ina itachita matuza. Mmodzi anamutengera ku kiliniki. Makolo akufuna kudziwa chimene chachitika, ndipo akapanda kuuzidwa apita okha kupolisi. Anapereka mpaka Lolemba.

Atachoka, Mai Rumbi anatseka chitseko cha galaja n'kutiimika tonse atatu. Sanayang'ane ine kapena Mwale. Anayang'ana Nachisale. Anamukumbutsa mawu aja akuti tidzaona. Anati tsopano taona. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana wake yekha sanapse, pamene amakhala m'galaja momwemo tsiku lonse. Mtsikanayo anati ndinu nomwe munaletsa kuti asagwire. Iwo anati zimenezo zinangomuthandiza. Dzanja lomaliza kugwira tinjerwa ndi lake, womata pepala ndi iye, ndipo chimene chalowamo chalowa ndi iye.

"Ine ndimangomata mapepala, mayi," anatero Nachisale.

"Mushonga wa kwanu ndimaudziwa. Anthu a ku Malawi simufuna kuphunzitsidwa mankhwala."

Ndinati ine ndinabadwira ku Mandava, ku Malawi sindinapondeko. Anati magazi ndi omwewo, koma sakunena ine. Anati Lolemba m'mawa aimbira apolisi, ndipo akamufunse okha za mankhwalawo ndi za mapepala ake. Akathawa, ndiye kuti wavomera, ndipo adziwa kokamufuna chifukwa chipinda chimene ankagona chinali cha mlongo wawo. Nachisale sanalire. Anangomangitsa nsalu ya mwana pachifuwa. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: chitolokosi ndi mwana kumsana, kenako galimoto yopita kumalire, ndi dzina loti anathira ana poizoni.

Kunena zoona, nanenso ndinamukayikira. Ndinakayikiranso mphunzitsi uja, kuti mwina anawo anadya china ndipo akufuna pokankhira. Ndinakayikira wogulitsa mabelo. Ndinakayikira mayi wina wa pamsika amene anali atayamba malonda omwewo. Mwale yekha ndiye sanabwere m'mutu mwanga. Poweruka ndinatola kanjerwa kamodzi pa timene tinabwezedwa. Tsiku limenelo Mai Rumbi anaiwala kuyang'ana matumba.

Kunyumba ndinakayang'ana pawindo. M'timaenje munali kaufa koyera, kochepa kwambiri, kouma m'mbalimbali. Ndinakagunditsa pa lilime. Kanawotcha ngati khala. Ndinalavula n'kuchukucha mkamwa. Kuwotcha kumeneko ndinkakudziwa. Sikunali kwa sing'anga. Kunali kwa ku Silobela.

Loweruka

Loweruka tinkagwira theka la tsiku. Ndinafika msanga. Soda akanatha kuthiridwa ndi aliyense, ngakhale Nachisale yemweyo, choncho ndinapita pa masaka pamene panali tinjerwa totsukidwa dzulo lake, timene iye anali asanatigwire, ngakhale ine. Ndinatola kamodzi, pa lilime. Kanawotcha. Ndinatola ka pa saka lina. Chimodzimodzi. Tinjerwa timeneto tinali titadutsa m'manja mwa munthu mmodzi yekha.

Pamenepo zinthu zimene maso anga ankaona koma mutu n'kumakana zinabwera zonse. Kachidutswa ka sopo kanakhala pa windo masabata angapo, kosatha. Mabeseni anali atasamukira kuseri kwa chimbudzi, ati kuli mthunzi wabwino. Maulendo a ku mjigo anachepa. Ndipo Mwale ankatsuka atavala mapepala a buledi m'manja, ati madzi a pa mjigo akumusupula.

Masana ndinamuperekeza ku mjigo. Anadabwa chifukwa sindinkapitako. Pobwerera ndinamulanda wilibala, n'kuima pansi pa mtengo pamene panalibe anthu. Ndinamuuza kuti ndalawa. Sanakane. Anakhala pa chigubu n'kuyamba kufotokoza, mawu ambiri monga mwa nthawi zonse. Anati soda anabwera naye kuchokera ku Silobela m'chitini, wochapira maovolosi. Madzi atasowa anayesa pang'ono m'beseni, mafuta onse anachoka okha popanda mswachi. Kutsukuluza ankatsukuluza kamodzi, m'madzi omwewo tsiku lonse, chifukwa msana sunkalola maulendo ambiri. Anati ku mgodi tinkachapira zovala soda yemweyo, palibe anafa. Golide amene azungu amavala m'khosi amatsukidwa ndi soda yemweyo. Iye ankaganiza kuti zikauma zatha. Ndinati ovolosi satafunidwa.

Ndinamuuza kuti Lolemba atuluke pamzere.

"Ndituluke ndipite kuti, mdala? Penshoni ya ku mgodi unaiona iwe? Mtsikana uja ali ndi kwawo. Amuperekeza kumalire, mwezi wamawa abweranso kudzera m'tchire, onse amatero. Ine kwathu ndi kuti? Ku Malawi akandifunsa mfumu yanga ndikatchula ndani?"

Ndinati nanga dzina loti anathira ana poizoni. Anati dzina limatha. Kenako anandikumbutsa lamulo. Anati tikhale chete tonse atatu ngati kale, chitini ataya m'chimbudzi lero lomwe, ndipo azitsukuluza bwino. Mayiwo akalipa, atopa. Ndinati mzungu uja ankafunsa kuti wachita ndani. Awa sakufunsa, asankha kale. Tikakhala chete chilango sitigawana, chigwera mutu umodzi.

"Mkazi uja si wa gengi," anatero.

"Ali pa shifiti yathu."

"Zaka zonsezi, iwe? Chifukwa cha munthu wobwera dzulo?"

Ndinakankha wilibala mpaka kugalaja. Iye ankabwera pambuyo, manja ali m'matumba.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Unandifunsa ngati ndikudwala, Enelesi, ndinati ayi. Ndinakhala pakhonde kufunafuna njira ina. Ndinaganiza zonena kuti soda anabwera ndi belo. Koma belo limatsukidwa, ndipo funso likanabwerera kwa wotsuka kapena kwa womata. Ndinaganiza zonena kuti ndine. Mai Rumbi sakanakhulupirira, chifukwa ankadziwa kuti beseni ndinasiya kalekale, ndiponso ine bodza silindikhala. Ndinaganiza zouza Nachisale kuti athawe. Kuthawa kunali kuvomera. Njira inatsala imodzi, kuti Mwale atuluke yekha. Ndinkayembekeza kuti atero. Pansi paja ndinamuonapo akutuluka pamzere.

Lolemba m'mawa

Tinafika tonse atatu. Nachisale anabwera ndi kachikwama ka zovala za mwana, atakonzeka. Mai Rumbi analowa foni ili m'manja. Anati asanaimbe akufunsa komaliza ngati pali wofuna kunena kanthu. Tinali titaima pamzere osadziwa kuti tatero, ine pakati. Ndinayang'ana Mwale. Ankayang'ana nsapato zake. Ndinadikira. Ndinamupatsa nthawi yokwanira, mpaka mayiwo anayamba kudina foni.

"Si mankhwala, mayi. Ndi soda wa ku migodi. Walowa potsuka."

"Wotsuka ndani?"

Ankadziwa wotsuka. Ankafuna ndinene ndi pakamwa panga.

"Ndi Mwale."

Sanakhulupirire msanga. Anati ife a ku Malawi tapangana kupereka nkhalamba kuti tipulumutse mtsikana, mwina mtsikanayo wandidyetsa nanenso. Ndinawapatsa kanjerwa ka pa saka kuti alawe okha. Anakana. Ndinati ndiye ayang'ane sopo pa windo. Anayang'ana, n'kubweza maso msanga. Mpaka lero ndimakayikira kuti ankadziwa kuti sopo sakutha, ndipo zinkawakomera osafunsa. Sindingalumbire. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wodabwa. Inali ya munthu amene nkhani yamuipira. Mtsikana wachilendo wothira poizoni akanawasiya iwo oyera pamaso pa makolo. Soda wa m'beseni unali mlandu wa galaja yawo.

Mwale ndiye anamaliza nkhaniyo. Anatulutsa manja m'matumba n'kuwaika pa tebulo. Zala zinali zong'aluka, zikhadabo zodyeka, khungu lofiira ngati nyama. Sanayang'ane mayiwo. Anayang'ana ine, n'kunena liwu limodzi lija, mutengesi, motsitsa, mopanda ukali. Kenako anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka.

Ndinapempha kuti za apolisi zithere pomwepo, kwa onse awiri. Anavomera, osati chifukwa cha ine, koma poopa kuti a zaumoyo angatseke galaja. Tsiku lomwelo anakwera kombi kuzungulira makireshi onse kutolera timapepala ta mwezi umenewo. Zimene anauza makolo sindikuzidziwa. Ana anachira. Makireshi ena sanagulenso. Tinjerwa tonse tinatsegula, ine ndi Nachisale, n'kutsukanso kamodzikamodzi, mayiwo atagula madzi a pa thanki. Ntchito imeneyo inatitengera masabata. Mtsikanayo sanandithokoze ndipo sindinkafuna. Tsiku lina anangondifunsa ngati a Mwale ali ndi wowapakira mafuta m'manja. Ndinati sindikudziwa. Zinali zoona.

Zaka zotsatira

Ndinagwirabe ntchito mpaka maso atayamba kusokoneza kobiriwira ndi kabuluu. Pamenepo ndinasiya ndekha. Nachisale akadali pomwepo. Ndi iye akuyang'anira zotsuka tsopano, ndipo mwana uja ali pasukulu ku Mkoba. Mapepala ake anakonza kapena ayi, sindinafunse.

Mwale anabwerera ku Mandava. Sanapezenso ntchito. Ndinamva kuti ankagulitsa fodya wa mmodzimmodzi pafupi ndi msika. Ndinamutumizirapo ufa ndi mafuta kudzera kwa mphwake, zinabwerera mmene zinapitira. Pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro, limene tinayambitsa ife a ku mgodi, ndikakhala pa benchi anthu ankasendera. Palibe anandifunsa mbali yanga. Ankadziwa kuti ana anapsa. Ankadziwa za mtsikana uja. Kwa iwo zimenezo zinali nkhani ina.

Atamwalira ndinapita. Ndinakwera basi yoyamba kuchokera ku Gweru. Kumanda, bokosi litatsika, amuna a gengi yathu amene anatsala anayamba kukwirira mosinthana. Kumanda fosholo sapatsirana pamanja. Wotopa amaiika pansi, wina n'kutola. Ndinadikira mpaka inaikidwa pafupi ndi ine. Nditawerama kuti nditole, mdala wina amene ndinapakira naye ngolo zaka zambiri anaiponda ndi nsapato. Sanandiyang'ane. Ndinaweramuka. Ndinaima pomwepo mpaka manda anadzaza, kenako ndinapita kukakwera basi.

Inu ana anga, ena mwa inu mukadali ndi nyumba ku Mandava, ndipo tsiku lina mudzamva dzina limene amanditchula kumeneko. Musadzamenyane ndi munthu. Ndinamutchuladi.